Magemu akale tinkagula n'kukhala athu, a lero tikungobwereka

A Mkonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti nanenso ndiikepo mlomo pa mkangano umene sukutha pakati pa ife amene tinakula tikusewera magemu a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndi achinyamata amene akusewera magemu a masiku ano. Ife achikulire timaumirira kuti magemu akale anali okoma kuposa atsopanowa, pamene achinyamata amangotiseka n'kunena kuti tikulira ubwana wathu umene unapita kalekale, popeza munthu wa maso ake awiri sangayerekeze tizithunzi ta mabokosimabokosi todumphadumpha pa sikirini ndi zithunzi za lero zimene zimaonetsa ngakhale thukuta pankhope ya wosewera mpira. Maganizo anga ndi akuti tonse tikukangana pa nkhani yolakwika. Chinthu chachikulu chimene chasintha pa zaka 40 zapitazi ndi ubale wa pakati pa wosewera ndi kampani yopanga gemu. Kale munthu ukagula gemu inkakhala yako ndipo kampaniyo inalibenso nawe ntchito, koma lero ukalipira ndalama umakhala wangobwereka, ndipo mwini katunduyo amapitiriza kukusuzumira m'thumba mpaka tsiku limene adzaganize zomulanda.

Ndisanapite patali, ndivomereze kuti achinyamatawa ali ndi mfundo, chifukwa mtima wa munthu umasankha zoti uzikumbukira. Tikamati magemu akale timatanthauza Pac-Man, Super Mario Bros., Tetris, Contra, Sonic the Hedgehog ndi Street Fighter II, koma timaiwala mazanamazana a magemu ena amene anatuluka m'zaka zomwezo, osakoma moti munthu ankawazimitsa pasanathe mphindi zisanu. M'chaka cha 1983 msika wa magemu ku America unalowa pansi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti makampani anadzaza masitolo ndi magemu opangidwa mwachisawawa mpaka ogula anatopa nawo. Gemu ya E.T., imene kampani ya Atari inatulutsa mu 1982, inapangidwa ndi munthu mmodzi m'milungu pafupifupi isanu yokha pofuna kuti ifike m'masitolo Khirisimasi isanakwane, ndipo makatiriji (timabokosi tosunga gemu tolowetsa m'makina) ambiri amene sanagulidwe anakakwiriridwa kudzala ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico. Anthu ambiri ankayesa nkhaniyi nthano chabe mpaka mu 2014 pamene malowo anakumbidwa n'kupezamo makatirijiwo. Choncho aliyense wonena kuti kale kunalibe umbombo wa makampani kapena ntchito yosalongosoka sakunena zoona.

Ngakhale kuvuta kwa magemu akale, kumene ambiri a ife timakunyadira ngati umboni wakuti tinali akatswiri, sikunali kwachilungamo nthawi zonse. Magemu ambiri anayambira pa makina a m'malo osewerera kumene munthu ankaponya kandalama kachitsulo kuti asewere, ndipo mwini makinawo akanaluza kandalama kamodzi kakanamusunga munthu pamenepo kwa ola lathunthu. Gemu inkapangidwa kuti ikuphe msanga, uponyenso ndalama ina. Chizolowezi chimenechi chinalowa ndi m'magemu a m'nyumba momwe, ndipo kumeneko chinkathandizanso kubisa kuti gemuyo ndi yaifupi, chifukwa ulendo umene katswiri angaumalize pa ola limodzi unkamutengera wophunzira miyezi. Mu Contra ya pa makina a Nintendo munthu ankayamba ndi miyoyo itatu, ndipo chipolopolo chimodzi chinali chokwanira kuchotsa moyo umodzi. Ambiri amene amadzitama kuti anafika kumapeto kwa gemu imeneyi anafikako chifukwa cha chinsinsi chimene chinkayenda pakamwa: kudina m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, kenako mabatani a B ndi A gemu isanayambe, zimene zinkapatsa munthu miyoyo 30.

Komabe pali luso lina limene linabadwa chifukwa cha kuchepa kwa mphamvu za makina a nthawi imeneyo, ndipo pamenepa achikulirefe sitikungolira ubwana. Super Mario Bros. ya mu 1985, pamodzi ndi zigawo zake 32, nyimbo zake ndi zithunzi zake zonse, inakwana m'malo a makilobayiti 40, omwe ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano. Pofuna kusunga malo, opanga ake anagwiritsa ntchito chojambula chimodzi pa mitambo ndi pa zitsamba, n'kungosintha mtundu, ndipo anthu mamiliyoni anasewera gemuyi kwa zaka zambiri osazindikira. Chipewa cha Mario ndi ndevu zake zapamlomo zinabwera mu Donkey Kong ya mu 1981 chifukwa wopanga wake Shigeru Miyamoto analibe timadontho tokwanira tojambulira tsitsi ndi pakamwa. Mu Space Invaders ya mu 1978, adani ankathamanga kwambiri akamachepa chifukwa makinawo ankapepukidwa ntchito yowajambula, ndipo wopanga wake Tomohiro Nishikado ataona zimenezi anazisiya dala chomwecho, n'kupeza njira yochititsa mtima wa wosewera kugunda kwambiri akamayandikira kupambana.

Tayang'anani mmene gawo loyamba la Super Mario Bros. limaphunzitsira munthu popanda malangizo olembedwa. Mario amaima chakumanzere kwa sikirini atayang'ana kumanja kumene kuli malo aakulu opanda kanthu, ndipo aliyense amadziwa yekha kuti ayende cha kumeneko. Kenako kumabwera kachilombo kamodzi kakuyenda pang'onopang'ono. Ukakagunda umafa, ndipo ukayambiranso umakhala utadziwa kuti uyenera kudumpha. Pamwamba pamakhala mabokosi othwanima okhala ndi chizindikiro cha funso, amene amakopa munthu kuti awagunde ndi mutu. Mu limodzi mwa mabokosiwo mumatuluka bowa amene amayenda kupita kumanja, n'kugwera pansi, n'kugunda paipi yobiriwira, n'kubwerera kumene kuli wosewera. Munthu watsopano amayesa kumuthawa poganiza kuti ndi mdani winanso, koma akati adumphe mabokosi a pamwamba aja amamutchinga, bowayo amamukhudza, Mario n'kukula. Pasanathe mphindi imodzi wosewera amakhala ataphunzira malamulo akuluakulu a gemu yonse kudzera m'zala zake. Magemu ambiri akuluakulu a lero amayamba ndi kanema wautali, kenako malangizo otuluka pa sikirini, kenako muvi wolozera kumene uyenera kupita, ngati kuti opanga ake sakukhulupirira kuti wosewera angathe kuganiza yekha.

Tsopano ndifike pa phata la kalata yanga. Gemu ya pa katiriji kapena pa chimbale cha nthawi imeneyo inkatuluka m'fakitale itatha. Kunalibe njira yoikonzera ikafika m'manja mwa wogula, choncho opanga ake ankadziwa kuti cholakwika chilichonse chimene asiyamo chidzakhalamo mpaka kalekale. Zolakwika zinalipo ndithu: Pac-Man imasokonekera munthu akafika pa gawo la 256, theka la sikirini n'kudzaza zilembo ndi manambala osamveka. Koma kusewera kunali nkhani yolowetsa katiriji ndi kudina batani basi. Ikakana kuyaka, anthu ankaitulutsa n'kuiuzira mpweya kunsi kwake, ngakhale kuti a Nintendo ankaletsa zimenezi chifukwa chinyezi cha m'kamwa chimawononga tizitsulo ta m'katimo, ndipo chimene chinkathandiza kwenikweni chinali kuitulutsa ndi kuibwezeretsa kuja. Lero intaneti yapatsa makampani mpata wogulitsa gemu isanathe, n'kumadzaikonza pambuyo pake ndalama atalandira kale. Cyberpunk 2077 itatuluka mu Disembala 2020 inali ndi mavuto ambiri pa makina a PlayStation 4 moti patangotha mlungu umodzi kampani ya Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti n'kuyamba kubweza ndalama za ogula, ndipo inadzabwereramo mu Juni 2021. Ngakhale gemu imene ilibe vuto lalikulu chotero, munthu amafika nayo kunyumba, n'kulowetsa chimbale, makinawo n'kumuuza kuti adikire maola angapo kuti atenge kaye zigawo zina pa intaneti. Mu 2020 gemu ya Call of Duty: Modern Warfare inafika podya malo oposa magigabayiti 200 pa kompyuta, moti anthu ankachita kufufuta magemu ena kuti iyo ikwane.

Choopsa kuposa pamenepa ndi chakuti magemu ambiri a lero amadalira makompyuta a kampani, amene amatchedwa maseva, kuti ayake. Gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew, imene kampani ya Ubisoft inatulutsa mu 2014, inkafuna intaneti ngakhale munthu akusewera yekha. Kumapeto kwa Malichi 2024 kampaniyo inazimitsa maseva a gemuyi, ndipo aliyense amene anaigula, kuphatikizapo amene anali ndi chimbale chake m'kabati, anangotsala ndi pulasitiki yopanda ntchito. Makampani amadziteteza ndi mawu a mu mgwirizano wautali uja umene aliyense amadina kuti wavomereza asanauwerenge, umene umanena kuti wogula walipirira chilolezo chogwiritsa ntchito gemu, koma gemuyo ikadali ya kampani. Nkhaniyi inafika poti mu 2024 boma la chigawo cha California ku America linakhazikitsa lamulo loletsa masitolo a pa intaneti kuuza anthu kuti akugula chinthu popanda kuwafotokozera momveka kuti akungolandira chilolezo, ndipo mu 2025 anthu oposa 1 miliyoni a m'mayiko a European Union anasaina chikalata chopempha kuti makampani aziwasiya magemu m'njira yoti athe kuseweredwabe maseva akazimitsidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Katiriji unkatha kumubwereka mnzako, kusinthana ndi ina, kuigulitsa ukatopa nayo, kapena kumusiyira mng'ono wako ukakula. Gemu yomangiriridwa ku akaunti sungachite nayo chilichonse mwa zimenezi, ndipo akaunti ikatsekedwa zonse zimene unalipira zimapitira limodzi.

Kuti muone kufunika kwa gemu yosasintha, taganizirani za Tetris, imene Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow mu 1984. Mtundu wake wa pa makina a Nintendo unatuluka mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti palibe zala za munthu zimene zingathamange mokwanira kuti zipyole zigawo zake zapamwamba. Osewera anapitiriza kufufuza njira zatsopano zogwirira padi (kachipangizo ka mabatani koyendetsera gemu), wina kuphunzira kwa mnzake, mpaka mu Disembala 2023 pamene mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma ku America anafika pa gawo la 157, gemuyo n'kuuma chifukwa chosowa chochita. Mnyamatayu anabadwa gemuyi ili ndi zaka zoposa 20, koma anakumana ndi gemu yomweyo imene makolo ake akanatha kusewera ali ana, yopanda chosinthidwa ngakhale chimodzi. Ndikukayika ngati gemu yodalira maseva ingadzapatse mwana wa m'tsogolo mwayi wotere, chifukwa pomadzafika zaka 30 kampani imene imalipira magetsi a masevawo idzakhala itaiwala kalekale. Ngakhale magemu akale enieniwo akuvuta kuwapeza mwalamulo: kafukufuku amene bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa mu 2023 anapeza kuti magemu 87 mwa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso, ndipo chaka chomwecho a Nintendo anasiya kugulitsa magemu m'masitolo awo a pa intaneti a makina a Wii U ndi 3DS.

Pa nkhani ya ndalama, wina anganene kuti makina oponya kandalama aja nawonso ankadya ndalama za ana, ndipo akhoza kukhala akunena zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti malonda amenewo anali oonekera: ndalama imodzi, mwayi umodzi wosewera, ndipo m'thumba mukauma masewero athera pomwepo. Magemu ambiri a lero amagulitsa zinthu mkati mwa gemu imene munthu walipira kale, ndipo ena amagulitsa mapaketi amene wogula sadziwa chimene chili mkati mpaka atalipira. Gemu ya mpira ya FIFA, imene kuyambira mu 2023 ikutchedwa EA Sports FC, inayambitsa mu 2009 gawo la Ultimate Team kumene munthu amatsegula mapaketi otere poyembekezera kupeza wosewera wotchuka, ndipo timu imene waivutikira chaka chonse sapita nayo ku gemu ya chaka chotsatira. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mapaketi olipira a mtundu umenewu m'magemu ena ndi juga, ndipo ine sindiona dzina lina limene tingawapatse. Mu Disembala 2022 kampani ya Epic Games, yopanga Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la America loteteza ogula linaisumira, ndipo madola 245 miliyoni mwa ndalamazo anali obwezera anthu amene anagula zinthu mosafuna chifukwa cha mmene mabatani anaikidwira. Ana ambiri amasewera gemu imeneyi.

Malonda a mtundu umenewu amasintha mmene gemu imapangidwira. Kampani imene imapeza phindu pa tsiku logulitsa lokha imafuna kuti gemu ikhale yokoma kuti udzagulenso ina, ndipo sidandaula ukaimaliza. Kampani imene imapeza phindu tsiku lililonse limene ukusewera imaopa kuti ungamalize, choncho imaika mphatso za tsiku ndi tsiku zimene umaluza ukajomba, zovala zogulitsidwa kwa masiku ochepa okha, ndi ntchito zobwerezabwereza zimene munthu amazigwira atatopa kale poopa kutsalira anzake. Magemu akale anali ndi mapeto. Unkagonjetsa mdani womaliza, mayina a opanga ake ankadutsa pa sikirini, ndipo unkazimitsa makina ndi mtima wokhutira kuti chinthu chatha. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika vuto lolephera kudziletsa pa magemu m'ndandanda wa matenda. Bungweli limanena lokha kuti vutoli limagwira anthu ochepa mwa osewera onse, ndipo sindikunena kuti kale kunalibe ana ojomba kusukulu chifukwa cha magemu, koma n'zovuta kukhulupirira kuti gemu yopangidwa dala kuti isathe ilibe mbali pa nkhaniyi.

Chinanso chimene tikuchisowa n'chosewerera m'chipinda chimodzi. Makina amodzi, mapadi awiri, anthu asanu ndi mmodzi, ndi lamulo losalembedwa lakuti wogonja apereke padi. Amene wakugonjetsa mu Street Fighter II kapena mu mpira anali pambali pako, ndipo sakanatha kukutukwana mopyola muyezo chifukwa mawa mukumananso. Magemu ambiri atsopano anachotsa mwayi wogawa sikirini pawiri, ndipo amafuna kuti aliyense akhale ndi makina ake, gemu yake ndi intaneti yake. Sindikana kuti pali phindu, popeza abale okhala m'mayiko osiyana atha kusewera limodzi usiku uliwonse, chinthu chimene kale chinali maloto, koma nthawi zambiri amene ukulimbana naye ndi mlendo wobisala kuseri kwa dzina lopeka, amene saopa kulankhula chilichonse m'makutu mwa mwana.

Zonsezi sizikutanthauza kuti luso linatha. Minecraft, imene yagulidwa makope oposa 300 miliyoni, ili ndi zithunzi za mabokosimabokosi zomwe zija, ndipo ana a lero amaikonda popanda kukumbukira chilichonse cha m'ma 1980. Stardew Valley ya mu 2016 inapangidwa ndi munthu mmodzi, Eric Barone, ndipo zowonjezera zake zazikulu wakhala akuzipereka kwaulere. Celeste ya mu 2018 ndi yovuta ngati magemu akale, koma ili ndi njira zoichepetsera liwiro kuti amene zala zake sizithamanga athe kufika kumapeto, ndipo chaka chomwecho kampani ya Microsoft inatulutsa padi yopangidwira anthu olumala manja, amene magemu a nthawi yathu sankawaganizira kwenikweni. Chimene ndimaona m'magemu amenewa n'chakuti munthu akhoza kulipira kamodzi n'kusewera yekha popanda wina womudikirira pakhomo ndi mbale yopemphera ndalama, ndipo amakondedwa ndi achikulire ndi achinyamata omwe.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti pamene nyuzipepala yanu ikulemba za magemu atsopano, isamathere pa kukongola kwa zithunzi ndi mphamvu za makina. Muziwauza owerenga, makamaka makolo amene amalipira koma sasewera, ngati gemuyo imayaka popanda intaneti, ngati mkati mwake muli zogulitsa zobisa nkhope, komanso ngati kampani yanenapo chimene chidzachitike maseva akadzazimitsidwa. Kuyambira mu 2020 mabungwe a ESRB ku America ndi PEGI ku Ulaya, amene amaika zizindikiro za msinkhu pa magemu, amalembanso chenjezo ngati gemu ili ndi mapaketi ogula mwamwayi, koma chenjezoli limakhala la tizilembo ting'onoting'ono, ndipo gemu imene mwana waitenga yekha pa intaneti ilibe chikuto choti kholo lingachitembenuze n'kuwerenga.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu